Chizindikiro cha pa Boneti

Galaja yanga ilibe denga.
Ndi mthunzi wa nimu kuseri kwa msika wa Ngabu,
pomwe dzuwa la Okutobala limawotcha sipanala
mpaka uigwire ndi kansanza.
Eni galimoto amadzakanganira pano
ine nditagona chagada pansi pa chuma chawo,
oyilo akundidonthera m'khutu.

A Zuze Fombe, ogula mbuzi,
amamenya boneti ndi chikhatho:
"Toyota, mphwanga!
Iyi inakwera zitunda za ku Thabwa
itasenza mbuzi makumi atatu ndi apongozi anga
osatsokomola n'kamodzi komwe.
Ndikadzafa mudzandinyamulire pa yomweyi."

Mayi Fanita Khembo amaseka mpaka kugwira m'nthiti.
Yawo ndi Nissan, yonunkha makakana ndi milamba yowamba.
"Chaka chija Mwanza anasefukira n'kudya msewu,
anawoloka ndani madzi ali m'zitseko?
Yanuyo inali kutsidya, itazyolika ngati nkhuku yachitopa."

Aphunzitsi a Dinala sayankhula msanga.
Peugeot yawo yakhala panjerwa zaka zisanu ndi zinayi,
abakha amaikira mazira pampando wakumbuyo,
koma Loweruka lililonse amaitsuka.
"Ana inu simudziwa galimoto.
Ikungosowa kachitsulo kamodzi basi,
kali m'njira kuchokera ku Beira."
Kachitsulo kameneko kananyamuka ine ndisanakwatire.

Akandifunsa kuti weruza, mmisiri,
ndimangoti ndipatsireni pulayala ili apoyo.

Pakuti ndikudziwa zimene boneti imabisa.
Injini ya a Zuze inafa kalekale,
chaka chimene thonje linagwa mtengo,
eni ake atagonekedwa m'chipatala, miyendo itatupa.
Akazi awo, a Esinta, anandipeza kutada,
ndalama atamanga pansonga ya chitenje:
"Akatuluka adzaipeze ikulira.
Ikanimo chilichonse, koma pakamwa mutseke.
Akamva kuti yafa, nawonso atsatira."

Ndinaikamo chimene chinalipo:
injini ya Nissan yoyamba ya Mayi Fanita,
ija inagubuduka pa Sorgin itadzaza madengu.
Anandigulitsa okha, theka la mtengo,
ndipo sanafunse kuti ikupita kuti,
ngakhale anandiyang'ana nthawi yaitali.

Kuyambira apo zalowamo zambiri.
Giyabokosi ndi ya Mazda.
Redieta inachoka m'thirakitala ya nzimbe ku Nchalo.
Chitseko chakumanzere chinali cha Isuzu,
ndinachipaka penti yoyera usiku, ndi tochi pakamwa.
Cha Toyota chenicheni chatsala ndi hutala
ndi kachizindikiro konyezimira pamphuno.

Dzana kachizindikiroko kanagwa
m'mabampu a pa Miseu Folo.
A Zuze anasiya mbuzi zikulira m'galimoto,
nabwerera wapansi, dzuwa lili paliwombo,
mkulu wa imvi kufukula fumbi ndi ndodo
ngati mwana wotaya ndalama ya kuchigayo.
Anafika nako pano atakakulunga m'mpango,
milomo itauma gwa.
"Chigwereni ichi, mphwanga, sikukoka.
Ikulira ngati ya eni ake."

Ndinakapukuta ndi malaya anga,
ndinakamata, n'kukamanganso ndi kawaya kumbuyo.
Analowa, naliza injini,
napendeka mutu ngati akumvera mwana akupuma.
Utsi wakuda unabalalitsa ntchentche za pa butchala.
"Wamva? Mawu ake abwerera.
Toyota sinama."

Ndinati ndamva, bambo.

Mayi Fanita anali atakhala patayala lakutha,
akuyang'ana kumbali, kumapiri a Thyolo,
ataluma nsonga ya mpango wawo.
Sanaseke tsiku limenelo.
Anangoti, "Ikulira bwinodi, achimwene,"
n'kundifunsa mtengo wa mabuleki.

Aphunzitsi a Dinala anadzuka pang'onopang'ono,
nasasa fumbi pathalauza.
Anati akukaona ku depoti
ngati basi yamadzulo yabwera ndi kanthu.