Babu Losayaka

Ntchito yanga n'kukankha mabedi
pachipatala cha ana, pachitunda cha ku Valparaíso,
pomwe ukasuzumira pawindo umaona sitima zitandandalika padoko
ngati nazonso zikudikira dokotala.

Lero ndi Amparo, wazaka zisanu ndi chimodzi.
Sanalawe kanthu chigonere,
milomo gwa, wakwiyira aliyense.
Wafungatira kagalu kansalu kothothoka khutu
komwe namwino Griselda wakamanga kale kalamba pamwendo,
dzina lolembedwa bwinobwino: Capitán.
"Nayenso akamng'amba?"
"Ayi," akutero Griselda, "iyeyu akukayang'anira madokotala."

Ine sindinena kuti sizipweteka.
Ana amalimva fungo la bodza
msanga kuposa la mankhwala.
Ndimangoti: tikwera chikepe,
tidutsa khonde lalitali, lozizira,
upeza anthu ovala zobiriwira, maso okha poyera,
akuveka kachigoba konunkhira sitiroberi,
upuma katatu, mwina kanayi.
Podzuka pakhosi pazikanda,
koma bambo ako adzakhala pomwepo.

Ndikatero ndimampatsa ntchito.
Kudengaku kuli mababu makumi awiri ndi mphambu zisanu,
limodzi ndi lakufa.
Ineyo maso anatha. Undipezere.

Gudumu lakumanzere likulira kwii, kwii,
lomwe lija ndalidandaulira chaka chathunthu.
Kachala m'mwamba: limodzi, awiri, atatu...
M'mbuyomu bambo ake akutsatira,
msodzi, zikhatho zokakala ndi zingwe,
munthu wosaopa mafunde a usiku,
atanyamula tinsapato tapinki ngati mazira.
Nayenso akuwerenga. Ndikuona milomo.

"Ilo! Ilo apo!"
Kuseka, dzino lakutsogolo kulibe.

Pachitseko chomaliza pali mzere wofiira pansi,
makolo sawoloka pamenepo.
Amparo akudzutsa mutu:
"Papá, musataye nsapato zanga.
Ndizifuna masana."

Chitseko chadzitseka chokha.
Bambo uja wangoti njo,
ndamgwira pachigongono, ndamlozera mpando,
ndamuuza kuti khofi wa m'makina apansi ndi woipa
koma ndi wotentha.

Babu lija amisiri alikonzapo kanayi.
Amadabwa, amalemba m'kabuku kawo, amapita.
Ine m'mamawa, khonde lisanadzuke,
ndimakwera pampando, mawondo akudandaula,
n'kulipotokola pang'ono chabe.
Nthawi zina lachisanu ndi chiwiri,
nthawi zina lina,
chifukwa pali ana ena
amene amadutsa muno kawiri.