Tomato wa M'chitini

Chaka chimene anatichotsa ntchito ku Makata
ndinkadzuka dzuwa litatentha kale malata,
foni m'manja, m'kamwa muli zii,
kuwerenga mavuto a dziko lonse ndisanasukusule.
Mlongo wanga Feliya anabwera kuchokera ku Bangwe,
anayang'ana bedi losayala, mbale za dzana,
sananene kanthu.
Anangosiya pakhonde chitini cha penti choboola kunsi,
muli dothi lakuda ndi mbande imodzi ya tomato.
"Ikafa undiimbire," anatero, nakakwera minibasi.

Ndiye ndinayamba kudzukira tomato.
N'zamanyazi kunena, bambo wandevu ngati ine,
koma mbewu siimva zoti munthu wakhumudwa,
imafuna madzi ake sikisi koloko isanakwane.
Ukadzuka kuthirira, umapezeka wayala bedi.
Ukayala bedi, tsache limayamba kukuyang'ana.

Masiku ano ndimatsika ku Chilobwe wapansi.
Ya minibasi ndimagulira nthochi ziwiri pa Zingwangwa,
imodzi yanga, ina ya a Mposa,
mlonda amene amaweruka ine ndikamapita.
Timakumana pa kamlatho, iwo chikhotho chili paphewa.
"Mwadzuka bwanji?" ndimafunsa.
"Kudzuka n'kwa ogona," amayankha,
ndipo timaseka nthabwala yomweyomweyo
ngati taimva lero.

Phiri la Soche ndakhala m'munsi mwake zaka khumi ndi ziwiri
osaliona.
Tsopano ndimaima pang'ono, ngati womanga chingwe cha nsapato,
kuti anthu asadziwe kuti ndikungoyang'ana phiri.
Chiperoni akabwera limafunda nkhungu mpaka m'khosi,
mu Okutobala limayera dazi ngati malume anga,
mvula yoyamba ikagwa limachita kunyada.
Palibe amene amandilipiritsa.

Sikuti zonse zayera ayi.
Landilodi amagogodabe pa wani, ndi chala chomwe chija.
Ganyu wa ku Ginnery Corner ndi wa lero, mawa kaya.
Mpopi umauma masiku atatu
tomato n'kumamwa madzi otsukira mpunga.
Alipo masiku ndimadutsa a Mposa nkhope ili gwa,
nthochi zonse ziwiri nditadya ndekha.
Iwo sasunga mangawa.
M'mawa mwake amangotambasula dzanja.

Magetsi akazima ndinkatukwana mpaka agalu kuuwa.
Pano ndimatulutsa mpando panja,
kuchapa sokosi mumdima,
kumvera ana a kuseli akukangana za mpira wachikulunga,
wina kulumbira kuti chinali chigoli, amayi ake ndi mboni.
Foni imagona m'nsapato, pansi pa bedi,
ikafuna kulira ilire ndi fungo lomwelo.

Ndili ndi kope limene mwana wanga anasiya masamba kumapeto.
Ndisanagone ndimalembamo chinthu chimodzi, chimodzi basi:
mayi wamakala wanditchula dzina lero;
mvula inatipanikiza pakhonde la sitolo ku Limbe, anthu asanu ndi awiri,
wina n'kuthyola chimanga chake chootcha;
bondo silinawawe pokwera chitunda.
Tsiku lina ndinangolemba deti.
Nalonso ndinaliwerengera.

Kodi chimwemwe n'chimenechi?
Ine ndinkayesa chimabwera ndi kalata yodinda,
kapena pa galimoto, chikuimba hutala pageti.
Changa chimabwera wapansi, mochedwa,
fumbi lili m'mapazi,
nthawi zina chimajomba osatumiza uthenga.

Tomato anabereka asanu ndi anayi.
Awiri anadya mbalame, mmodzi anaba mwana wa landilodi,
ndinamuona, ndinayang'ana kumbali.
Otsalawo ndinakulunga m'jumbo, ulendo ku Bangwe.
Feliya anawatembenuza m'manja ngati wogula pamsika.
"Ndi ang'onoang'ono," anatero.
Kenaka analowa kuseli kwa nyumba,
natuluka ndi chitini china, chadzimbiri,
muli kambande ka tsabola wa kambuzi.
"Uyu ndiye wamakani," anati.
"Uzidzuka faifi."