Kukalambitsa Mipeni ku Ndirande

Lolemba ndimatsika minibasi ku Limbe,
thumba la saka kukhwapa, nsapato zili mbuu.
Mtsikana wa m'sitolo safunsanso:
mipeni khumi ndi iwiri m'katoni,
zigumbu za pulasitiki zofiira ngati maswiti,
yonse yosalawapo ngakhale anyezi.
Ndimasankha yachitsulo chomva dzimbiri;
yonyezimira mpaka kalekale ilibe nane mawu.
Makanda obadwa dzulo.
Ntchito yanga n'kuwameretsa imvi lisanafike Loweruka.

Kuseri kwa msika, komwe okhoma ndowa
amagonthetsa munthu kusanache,
ndili ndi benchi, tupa zitatu,
ndi chidutswa cha njanji chosulirapo.
Nyundo kamodzi, phwa! chigumbu chapita,
mpeni watsala maliseche.
Mwatitha, mwana wa mlongo wanga, apalasa gudumu la njinga,
mwala uzungulira, mbaliwali zili waliwali,
dzina la fakitale likufufutika chilembo chimodzichimodzi.
Msana ndiuwongola, mimba ndiitupitsa,
nsonga ndiigwetsa pang'ono
monga zilili pa pepala lija
anandisiyira mphunzitsi wopuma, a Nankwenya,
chithunzi chothimbirira, chodontha mafuta m'ngodya.

Iwo ankati yotereyi inkakwera phiri
pamitu ya amtengatenga kuchokera ku Shire,
m'mitolo limodzi ndi mikanda, mchere ndi biriwita,
ndipo umodzi unkagula nkhuku, kapena mbuzi,
kapena chinthu chomwe munthu sanayenere kugulitsa.
Ine kunalibe. Ndimangomva tupa ikulira.

Chigumbu chatsopano n'chakale kuposa ine:
mlombwa wa chitseko cha nyumba yomwe anagumula ku Sunnyside.
Misomali yamkuwa ndimadula ku pulayimasi yakufa,
itatu, osati pamzere weniweni,
chifukwa dzanja la kale linkanjenjemera nalonso.
Kenako viniga, masamba a tiyi ogona,
usiku uwiri m'dothi lonyowa kuseri kwa bafa.
Kuona maso a nkhono n'kudekha.
Ukatuluka uli bii, mawangamawanga ngati tsaya la nkhalamba,
ndiupaka phula, ndiusokera m'chimake
ndi chikopa cha chikwama cha sukulu.

Loweruka Che Mdala Amini amabwera kudzatenga
kuti akayale pakati pa ziboliboli m'tauni.
“Iwe Likhutcha,” amatero, “kachilembo aka n'kachiyani?
Ukundiphera msika.
Mlendo afuna kumva kuti tinaufukula m'phanga ku Michiru.”
Ine kachilembo kanga sindichotsa,
ka L kakang'ono pakhosi pa chitsulo,
ndi chaka chino, manambala onse anayi.
Ndimasoka chovala cha makolo, inde,
koma sindinena kuti ndine malemuwo.
Amadandaula, amachotsa mazana asanu pa uliwonse,
amanyamulabe.
Lendi ya mwezi uno yatuluka m'dzimbiri.

Madzulo magetsi atathima
ndinapeza mayi a Mwatitha akudula mpiru pa kandulo
ndi mpeni uja ndinaulakwitsa zaka zisanu ndi zinayi zapitazo,
woyamba, wopindika, womwe Amini anaukana.
Ndinaupempha kuti ndiuone.
Chitsulo chaonda ngati tsamba la nsungwi,
pakati palowa m'kati ndi kunoledwa pa simenti ya khonde.
Pachigumbu pali dzenje la chala chawo chachikulu.
Wasenda chinangwa cha pa maliro a bambo,
wadula chingwe cha katundu posamuka ku Mbayani,
wasongola mapensulo a mayeso atatu.

Ndinautembenuza, ndinautembenuzanso.
Viniga wanga sadziwa kulemba zimenezi.
“Bweretsani,” anatero, “mafuta akupsa.
Mukaufuna mukagule wanu ku Limbe.”