Pamzere wa Petulo pa Chitakale

Ndinafika dzulo, dzuwa likugwera m'minda ya tiyi,
njinga yamoto ndikuikankha ngati mbuzi yokana msika.
Mnyamata wa jekete yofiira anandilemba ndi choko pathanki:
sikisite-folo.

Galimoto ya mafuta akuti yanyamuka ku Beira.
Ankatero Lachiwiri. Lero ndi Lachisanu.
Kaya ikubwera chokwawa, akutero Likaka,
tonse n'kuseka, poti kulira kumadya mphamvu.

Usiku chiperoni chatsika m'phiri
kudzatifunditsa bulangete lonyowa.
Pawailesi ya m'foni, bwana wa mawu osalala
akuti m'tsogolomu tidzayendera nzimbe.
Likaka walavula:
Nzimbeyo ndidye ine kapena njinga?
Ine ndakumbuka mayi Namaona a ku Nkando,
zaka makumi awiri akutcheza moto womwewo mumgolo,
apolisi akuwaswera zipanda.
Lero kachasu wavala tayi,
akumutcha tsogolo la dziko.

Tambala asanalire, makala ayamba kudutsa,
matumba atatuatatu panjinga zopanda mabuleki.
Phiri likutsikira kutauni pang'onopang'ono.
Wachitatuyo ndi mng'ono wanga.
Sindinamuitane.
Tonse tikudziwa chaka chija
miyala inatsika usiku kudzafunsa za mitengo yake,
n'kupeza anthu ali m'tulo.
Koma ana ake amadya utsi womwewo,
ndimuuza chiyani ine wa thanki youma?

Ku Bondo madzi a Lichenya amayatsa babu.
Mwana wa mlongo wanga amawerenga mpaka teni koloko.
Madziwo saima pachipata cha Muloza,
safunsa madola,
amangotsika, kugwira ntchito, n'kupitirira.
Ndikanatha kuthira mtsinje muthankimu
bwenzi pano ndili ku Limbuli
ndi mayi wa dengu la nanazi kumbuyo.

Kwacha. Kamnyamata kakuzungulira ndi botolo la malita awiri,
mtengo wake wa masiku atatu a thukuta langa.
Foni yalira: mkazi wanga,
akuti sopo watha, ndipo a lendi anabweranso.

Kenako phokoso, mahutala, fumbi.
Yafika!
Tadzuka, tapukuta zishalo, takankha,
mzere ukuyenda ngati bongololo.
Fungo lija latifika m'mphuno,
lokoma ngati ngongole yatsopano.

Pa fifite-naini
paipi yatsokomola kawiri
n'kukhala chete.

Likaka wanyowetsa chala ndi malovu,
wafufuta nambala yake.
Ine yanga ndaisiya.