Ka R M'kabwalo

Ntchito yanga ndi yaing'ono ngati nthata.
Ku Eastlea, pamwamba pa sitolo ya matayala,
ndimasamala mndandanda wa alangizi a makompyuta,
anthu makumi anayi ndi asanu ndi awiri
odziwa pulogalamu imene aliyense amatenga ulele,
kuitsegula m'mimba, kuisokanso, kugawira mnzake.
Zonse n'zaulere kupatula dzina.
Dzinalo lili ndi eni ake,
ndipo eniwo anati paphewa pake pazikhala ka ®.

A Gwenzi a ku Msasa amakawaza paliponse,
kasanu ndi kamodzi m'ndime imodzi,
ngati mwana amene watola chidindo cha abambo ake.
Mai Marufu a ku Belvedere anakaiwaliratu.
Mnyamata wa ku Glen View analemba ™,
nditamuimbira anati, sisi, si zofanana?
Si zofanana, Takunda.
Kenako kamangoti ndi changa, ndikutero ine.
Aka kamati zinalembedwa m'kaundula.

Lamulo lathu ndi lalifupi:
kamodzi, pamene dzina layamba kuoneka,
kwa aliyense, wa ofesi yamagalasi
ngakhale wogwirira m'chipinda chogona.
Ndiye ndimachotsa asanu kwa a Gwenzi,
ndimapatsa Mai Marufu kamodzi,
otsalawo sindidziwa kumene amapita.
Magetsi anazima ndili pa munthu wa makumi atatu.
Ndinakhala kumvera jenereta ya apansi ikutsokomola,
maluwa a jakaranda akumata pa zenera.

Madzulo kombi ya ku Mufakose,
bondo la munthu wina m'nthiti zanga.
Abambo ali pakhonde, wailesi pamwendo,
afunsanso funso lawo lakale:
Tiyanjane, kodi kumeneko umapanga chiyani kwenikweni?
Ndinati ndimaika kachilembo pambali pa dzina
kuti anthu adziwe kwawo kwa dzinalo.

Sanaseke.
Analowa m'nyumba, ndinamva chitini cha mabisiketi chikutseguka,
anatuluka ndi chitupa chachitsulo chija,
chakale, chopindika pangodya,
ndi chala chawo chophwanyika ku fakitale ya ku Southerton
anandionetsa A amene anatsata nambala yawo zaka zonse.
Mlendo.
Obadwira pa Gomo pompano,
mchombo wawo uli m'dothi la ku Mbare,
koma agogo anachokera ku Ntcheu wapansi,
ndiye kalatayo inawapeza m'chikuta.
Anati, ifenso anatiika bwino, osaphonya ndi mmodzi yemwe.

Pansi pa chitinicho panali mapepala a agogo.
Pa khadi la pa famu, Kachingwe.
Pa la kuchipatala, Kachingo.
Pa la imfa, Kachigwe, ndi inki yofiirira.
Munthu mmodzi, makalaliki atatu,
palibe amene anaimba foni kufunsa.

Usikuwo ndinagona ndikuwerenga:
kalata ina imalondera dzina kuti lisabedwe,
ina imalondera munthu kuti asakhazikike,
zonse zazing'ono zoti ungaphimbe ndi njere ya mapira.

M'mawa magetsi anabwera isanakwane seveni.
Ndinayambira pa makumi atatu ndi mmodzi.
Takunda anatumiza uthenga, wakonza yekha,
koma ka ® wakaika kutsogolo kwa dzina
ngati nyali ya njinga.
Ndinakabweza paphewa.
A Gwenzi anadandaula kuti tsamba lawo laoneka losauka.
Ndinati laoneka ngati la anzanu, bambo.

Nditafika pansi penipeni,
pa kamzere kotuwa kamene palibe amawerenga,
ndinapeza abwana analemba kale:
wokonza mndandanda, T. Kachigwe.
Ndinayang'ana nthawi yaitali.
Apansi anali kukhoma tayala la lole.
Ndinasuntha kamzere kophethira kaja
mpaka pakati pa i ndi g,
ndinaika n wa agogo,
kenako ndinasunga.