Dalaivala wa Majvor

Ndinamuyendetsa zaka khumi ndi zinayi,
kuchokera ku Malmö mpaka ku Kiruna
kumene dzuwa la mu Juni limakana kukagona.

Majvor Lindehag.
Mawu akewo anawasulira kubusa,
poitana ng'ombe za bambo ake m'nkhalango za ku Dalarna,
mfuu yopyapyala ija, yodumpha phiri.

Ku Stockholm anamuveka diresi lonyezimira,
amvekere: fupikitsa, mphindi zitatu basi,
anthu avine.
Anavinadi. Chimbale chinayenda malonda
ngati mankhwala a chimfine.
Pa mpikisano wa pa kanema anakhala wachinayi,
nalira m'basi, nsapato zili m'manja.

Kenaka mipando inayamba kutsala.
Tinkazungulira matchalitchi ozizira,
iye, vayolini imodzi,
ndi nkhalamba zosakwana makumi awiri.

Usiku wina, chipale chofewa chitatseka msewu wa ku Mora,
anatsika, naima mumdima,
naitana ng'ombe zomwe zinafa kalekale.
Ndinazimitsa injini.
Kutsidya kwa nyanja youndana
galu wa eni ake anayankha.

Anabwerera akunjenjemera, akuseka.
"Wamva, Torvald? Womvera mmodzi akadalipo."