Malisiti m'Bokosi la Nsapato

Ndinaigula Loweruka, mu Okutobala,
yofiirira ngati chiwindi, mipando ikadali m'mapulasitiki.
Bambo Hollenbeck anandigwira chanza ndi manja awiri,
nati, "Mayi Kowalczyk, iyi mudzakalamba nayo."
Ndinasayina malo khumi ndi anayi.
Pepala la chitsimikizo sindinaliwerenge,
ndinali kalikiliki kununkhiza chiwongolero.

Inayamba kutsokomola sabata yachitatu.
Kenako usiku wina, ndikuweruka ku chipatala,
mapazi atatupa ndi maola otembenuza odwala,
inangoti zii pakati pa mlatho wa Maumee,
chipale chikugwa, mathiraki akundilalatira ndi mahutala,
kanyali kachikasu kakundiphethirira
ngati mwana wodziwa chimene waswa.

Chikomekome cha nkhuyu.

Ku galaja anati ndi kawaya. Anasintha kawayako.
Ulendo wachiwiri anati ndi kompyuta yam'kati,
aiphunzitsanso, ngati kuti inathawa sukulu.
Wachitatu anaisunga masiku khumi ndi asanu ndi anayi
nandibwereka kagalimoto konunkha ndudu za munthu wina,
pamene banki, yosadwala, yosaiwala tsiku,
inkabudula zake pa malipiro anga.
Polemba anangoti: vuto silinapezeke.

Makaniko wina, Terrell, wa chipsera pachibwano,
anandipeza kuseri ndikupukuta m'maso.
Sanandipepese. Kupepesa sikupoletsa chilonda.
Anatikita manja pa ovolosi nanena chapansipansi:
"Musamachoke muno opanda pepala.
Tsiku lolowa, tsiku lotuluka,
ndi mawu anu monga mwawanenera inu,
osati monga afuna kuwamvera iwo.
Ine sindinakuuzeni kanthu."

Ndinakhuthula nsapato za mwana wanga m'bokosi
ndi kuyamba kusunga.
Lisiti ya wokoka galimoto, yonyowa pakona.
Lisiti ya takisi. Tikiti ya basi ya m'bandakucha.
Dzina la aliyense amene anati "tikuimbirani."
Ndipo tsiku lina tulo titakana
ndinavala magalasi pa tebulo la kukhitchini,
ndi kuwerenga tizilembo tija, tating'ono ngati nthata za nkhuku,
chala chikuyenda patsogolo, maso pambuyo.
Ndinawerenganso lamulo la boma lathu la Ohio.
Akaikonza katatu nthenda ili yomweyo,
kapena ikagona kwa iwo masiku makumi atatu
chaka chisanathe,
wogula ali ndi pakamwa.

Ndinawerenga pa kalendala ya ku famase.
Makumi atatu ndi atatu.
Ndinabwereza. Sanachepe.

Pa tsiku la mlandu kampani inatuma mnyamata wa tayi,
laputopu yake yopyapyala ngati mbale.
Anati mwina ndimaponda molakwika,
mwina mafuta ndimathira a pena.
Mayi Szabo, oweruza nkhaniyo, sanamuyankhe.
Anatambasula dzanja, ine ndinapereka bokosi.
Anayala mapepala anga pa tebulo lonse,
ena opindika, lina lodontheredwa khofi,
ndipo chipinda chinakhala duu,
kumangomveka hita ndi mapepala akutembenuka.

Sindinavine.
Ndalama zinabwera patatha masabata asanu ndi awiri,
koma usiku wa pa mlatho uja palibe anandibwezera,
ngakhale Khirisimasi imene ndinafika kwa amayi anga
chakudya chitazizira, iwo atagona pampando.

Pobweza makiyi ndinasuzumira pansi pa mpando
ndi kupeza gulovu imodzi ya mwana wanga
imene tinaifuna dzinja lonse.
Terrell anali pansi pa galimoto ina,
ndinangoona nsapato zake.
Phazi limodzi linagwedezeka. Basi.

Lero ndili pa desiki ina, kwa wogulitsa wina.
Wandipatsa cholembera kawiri.
Khofi wake wazizira, akuyang'ana wotchi,
akuti, "Mayi, zonsezo n'zamwambo chabe."
Ine ndili pa tsamba lachitatu,
chala patsogolo,
bokosi lopanda kanthu pamiyendo.